BOOKER T. WASHINGTON WA KU TUSKEGEE NDI MAORA A SUKULU YACE

M'nyumba ya sukulu iri yonse, ingakhale ya kumudzi yofolera ndi udzu, muli pepala lopacikidwa pakhoma, lolembedwa masiku a mlungu ndi maora ace, limene aphunzitsife timalicha taimutebulo. Ena aliyesa cinthu cokondweretsa woyendera sukulu akabwera, nalileka lidyedwe ndi ciswe. Koma ife taona kuti munthu wofuna kudziwa cimene eni sukulu aciyesa cacikuru acipeza msanga pa pepala lomwelo, koposa m'mau amene anena pa misonkhano. Pakuti pamenepo paoneka ciphunzitso cimene acipatsa m'mawa ana akali ndi mphamvu, ndi cina cimene acikankhira ku Lacisanu madzulo. Cifukwa cace, abale a mumpingo ndi inu akatekisti, tafuna kukulemberani m'buku lino mbiri ya mphunzitsi wakuda wa ku America, dzina lace Booker T. Washington, amene anagawa maora a sukulu yace mwa njira imene inautsa mkangano waukuru, ndipo mkanganowo unaoloka nyanja nufika ndi kuno kwathu.

M'UKAPOLO NDI KU MCERE

Booker anabadwa kapolo m'caka ca 1856, pa munda wa mzungu dzina lace James Burroughs, kufupi ndi Hale's Ford m'dziko la Virginia. Amace, Jane, ndiwo anali kuphikira a pa mundapo. Atate wace anali mzungu amene mwanayo sanamdziwa konse. Kanyumba kao kanali kophikiramo komweko, ndipo ana anali kugona pansi, pa mulu wa nsanza. Sukulu anaiona ali kunja kokha, pamene anamtuma kunyamula mabuku a mwana wamkazi wa mbuye wace kufikira pakhomo, pakuti malamulo a dziko lija anatsekereza akapolo njira ya maphunziro.

Nkhondo ya pakati pa a Kumpoto ndi a Kumwera itatha m'caka ca 1865, akapolo anamasulidwa, ndipo Jane anatenga ana ace nanka ku Malden m'dziko la West Virginia, kumene mwamuna wace anali kugwira nchito pa ng'anjo zophikira mcere. Mwanayo anamlowetsa nchito yolonga mcere m'migolo, ndipo masiku ambiri anali kuyamba pa 4 koloko, kusanace. Cinthu coyamba cimene anadziwa kuwerenga ndico nambala 18, cifukwa kapitao anali kuilemba pa migolo ya atate wace womlerawo. Amace anampezera kabuku ka a, b, c, ndipo anadziphunzitsa malemba yekha; m'mene sukulu ya anthu akuda inatsegulidwa pamudzipo, atate aja anamkaniza, cifukwa anafuna ndarama za nchito yace. Anayamba kuphunzira usiku.

Patapita nthawi anamlola kunka ku sukulu ya usana, koma pa pangano lakuti azigwira nchito kufikira 9 koloko, ndi kubwereranso ku mcere ataweruka. Tsono sukulu nayonso inali kuyamba pa 9 koloko yomweyo, ndipo inali patali ndithu, kotero kuti anali kufika anzace atayamba kale. Mu ofesi ya pa ng'anjopo munali koloko imene anchito onse anali kuyendera. Mnyamatayo anayamba kusuntha mubvi wace m'mawa uli wonse, kuucotsa pa 8.30 kuufikitsa pa 9, kufikira kapitao anazindikira kuti pali kanthu, natsekera kolokoyo m'bokosi. Cinyengo cimeneci sitiyamikira ai, ndipo iye mwini atakula anaciulula m'buku lace osadzikometsera. Koma taticichula cifukwa pamenepa mpamene anayamba kulawa nkhondo ya pakati pa ora la nchito ndi ora la buku, ndiyo nkhondo imene anakhala nayo moyo wace wonse. Ku sukulu komweko ndiko anadzipatsa dzina lakuti Washington, ataona kuti anzace onse ali ndi maina awiri, iye limodzi lokha.

Atacoka ku mcere anagwira mu mgodi wa malasha, nchito imene anaida ndi kuiopa. Pambuyo pace anakhala wa m'nyumba kwa Mai Viola Ruffner, mkazi wa mwini mgodi, pa malipiro a madola 5 pa mwezi. Mai ameneyu anali wouma, anyamata ambiri anamthawa. Anafuna cinthu ciri conse cicitike pa nthawi yace, cikhale pa malo ace, ndi kuti pasapezeke kapepala pabwalo kapena dontho la mafuta pansi. Booker anapirira, nayesa maphunziro a m'nyumba imeneyo ofanana ndi ena onse amene analandira m'tsogolo mwace.

KU HAMPTON

Ali mu mgodi muja anamva anthu awiri alikukambirana za sukulu yaikuru ya anthu akuda ku Hampton, kumene mwana wosauka akhoza kulipira cakudya cace ndi nchito ya manja ace. M'caka ca 1872, ali ndi zaka 16, anauyamba ulendo wa mamailosi ngati 500. Ndarama zinamthera panjira. Ku Richmond anagona pansi pa matabwa a m'mbali mwa mseu, nagwira ganyu yotsitsa citsulo m'combo, ndipo anafika ku Hampton ali ndi masenti 50, wauve ndi wanjala. Mphunzitsi wamkuru wamkazi, Mary Mackie, anamyang'ana nakayika. Potsiriza anampatsa tsace kuti asese cipinda cophunziriramo. Anacisesa katatu, napukuta pfumbi kanai, nasuntha mipando yonse. Maiyo anapaka kansaru kace koyera pa matebulo ndi pamakoma, ndipo posapeza pfumbi anamlandira. Amenewo ndiwo anali mayeso ace olowera. Anampatsa nchito yosamala zipinda, ndipo anali kuuka pa 4 koloko kusonkha moto, kuti atsale ndi kanthawi ka kuwerenga.

Woyambitsa sukulu imeneyi m'caka ca 1868 anali General Samuel Armstrong, mwana wa amishoni wobadwira ku Hawaii, amene pa nkhondo ija anatsogolera asilikari akuda. Iyeyu anakhulupirira kuti nchito ya manja ilera mkhalidwe wa munthu, ndipo anaika nchito m'kati mwa mlungu wa sukulu pamodzi ndi mabuku. Booker anamkonda ndi kumlemekeza koposa anthu onse.

Anatsiriza mu 1875, nabwerera ku Malden kukaphunzitsa usana ndi usiku, ndi Sande sukulu ziwiri pa Sabata. Anakhalanso miyezi 8 pa Wayland Seminary mu mzinda wa Washington, kumene kunalibe nchito ya manja. Kumeneko anaona ophunzira obvala bwino ndi odziwa Cilatini, koma kwa iye anaoneka ngati osakhoza kudziimira okha. Kapena anawaweruza mouma mtima, koma maganizo amenewo sanamcokera.

Mu 1879 Armstrong anamuitananso ku Hampton, nampatsa kuyang'anira anyamata a mtundu wa Amwenye a ku America, ndiponso sukulu ya usiku. Sukulu imeneyi inayamba ndi anthu ngati 12, osauka kotero kuti sanakhoza kulipira kanthu. Pangano lao linali lakuti agwire nchito maora 10 usana, amuna koceka matabwa, akazi kocapa, ndipo aphunzire maora awiri usiku. Ndarama zao zambiri zinasungidwa ndi sukulu, kuti atatha caka cimodzi kapena ziwiri alowe sukulu ya usana ali nako kolipira. Anthu otopa otere ndiwo anali kupempha mphunzitsi kuti apitirire belu logonera litalira kale.

KU TUSKEGEE

M'caka ca 1881 boma la Alabama linalola madola 2,000 pa caka kuti akhazikitse sukulu ya aphunzitsi akuda m'kamzinda ka Tuskegee. Anthu awiri a kumeneko, George Campbell amene kale anali ndi akapolo, ndi Lewis Adams amene kale anali kapolo, mmisiri wa malata ndi nsapato, analembera Armstrong kupempha mzungu woti aitsogolere. Armstrong anawatumizira Booker Washington, wa zaka 25. Pofika iye mu June anapeza kuti ndarama zija nza malipiro a aphunzitsi okha. Panalibe malo, panalibe nyumba, panalibe buku. Anabwereka cisakasa ca pafupi ndi chalichi ca Methodist, codontha kotero kuti mvula ikagwa wophunzira mmodzi anali kuimirira kumgwirira ambulera alikuphunzitsa.

Asanatsegule sukulu anayenda mwezi wathunthu m'midzi pa ngolo ya bulu, nagona ndi kudya m'nyumba za anthu. Ndipo zimene anaona pa ulendo umenewo ndizo zinabala taimutebulo yace. Thonje linabzalidwa kufikira pakhomo, popanda dimba la ndiwo, ndipo cakudya anali kucigula ku sitoro pa ngongole ndi mtengo wokwera, mbeu zikali m'munda zitakoledwa kale. M'nyumba zina anapeza koloko yokongola ya madola 12 kapena 14, yosayenda bwino, mwini wace wosadziwa kuiwerenga. Pa banja lina anthu asanu anali kudya ndi foloko imodzi, koma pangodya panali limba la madola 60. Loweruka banja lonse linali kunka kutauni kukangoimirira m'mseu tsiku lonse. Masukulu a m'midzi anali kutsegulidwa miyezi 3 kufikira 5 yokha pa caka. Ndipo pa Krisimasi yace yoyamba anaona anthu alikuleka nchito mlungu wathunthu, ambiri ali pa mowa.

Pa 4 July 1881 anatsegula sukulu ndi ophunzira 30, ambiri a iwo aphunzitsi kale, ena a zaka zofika ku 40. Anali kukonda mabuku akuru a maina atali, nadziwa kuloza cipululu ca Sahara pa mapu, koma masamu ocurukitsa anali kuwabvuta. Ndipo anabwera ndi ciyembekezo cakuti munthu wophunzira sagwiranso khasu. Ife sitiwadzudzula, pakuti kwa munthu amene makolo ace analima zaka 250 pansi pa cikoti, khasu ndi cikoti zinali cinthu cimodzi.

Mothandizana ndi mphunzitsi mnzace Olivia Davidson, amene pambuyo pace anakhala mkazi wace, anagula munda wakale wa maekala 100 pa mtengo wa madola 500, atabwereka 250 kwa msungi wa cuma wa ku Hampton. Khola la akavalo ndi khola la nkhuku anazikonza zikhale makalasi. Ataweruka masana anauza ophunzira kuti akagwetse chire. Iwo anang'ung'udza, koma iye anatenga nkhwangwa natsogola, ndipo manyazi anawagwira namtsata, nalambula maekala ngati 20. Makolo ena analemba akalata okana kuti ana ao agwire nchito, ena anabwera okha kudzakana, iye sanasintha.

Cobvuta koposa cinali njerwa. Anaumba ngati 25,000, koma uvuni unalephera, waciwiri unalepheranso, wacitatu unagwa pakati pa usiku njerwa ziri pafupi kupsya. Ndarama zinatha, ndipo aphunzitsi ambiri anafuna kuleka. Pamenepo anatenga wochi yace nanka nayo ku Montgomery, naikoleka pa madola 15, ndipo ndi ndarama zimenezo anaocha uvuni wacinai umene unapsya bwino. Wochiyo sanaiombola konse. Pofika 1900 ophunzira anali kuumba njerwa zoposa 1,000,000 pa caka, ndipo mwa nyumba 40 za sukulu, zonse koma zinai zokha zinamangidwa ndi manja ao.

BELU LA TUSKEGEE

Tiri nao mndandanda wa maora a sukuluyi monga unakhalira masiku amenewo, pakuti Bambo Washington anausindikiza m'buku la moyo wace lochedwa Up from Slavery, limene linaturuka mu 1901. Belu lodzutsa linali kulira pa 5 koloko. Pa 6 koloko anadya cakudya ca m'mawa, ndipo cakudyaco anacipatsa mphindi 20 zokha. Hafu ya ora yotsatira inali ya kusesa ndi kukonza zipinda zogonamo. Pa 6.50 linalira belu la nchito, ndipo iwo amene linali tsiku lao la nchito anamwazikana, ena kumunda, ena ku njerwa, ena kwa amisiri a matabwa ndi a citsulo, ena kopanga ngolo, asungwana kocapa, kosoka ndi kophika. Otsalawo anawerenga okha kuyambira 7.30 kufikira 8.20. Pa 8.25 anyamata anaima m'mizere kuti ayang'anidwe zobvala; pa 8.40 mapemphero, ndipo pa 8.55 panali mphindi 5 za kumva nkhani za m'nyuzipepala ya tsikulo. Maphunziro a m'kalasi anayamba pa 9 naleka pa 12, nayambanso pa 1.30 kufikira 3.30. A ku nchito anabwerera pa 1 koloko, naweruka pa 5.30. Cakudya ca madzulo pa 6, mapemphero pa 7.10, kuwerenga kuyambira 7.30 kufikira 8.45, ndipo pa 9.30 belu lotsiriza linawagoneka onse.

Tawerengani nokha maora amenewa, inu ozolowera kulemba otere. Tsiku la m'kalasi linali ndi maora 5 pamaso pa mphunzitsi, ndi ena awiri a kuwerenga wekha; tsiku la nchito linali ndi maora ofika ku 10. Kusesa kunapatsidwa nthawi yaitali koposa kudya. Mapemphero anali kawiri pa tsiku, koma afupi. Ora la masewera silinalembedwa konse pa mndandandawo, ngakhale anyamata anali ndi gulu lao la malipenga ndi la mpira. Kuyang'ana zobvala kuja sikunali kwa cabe: batani loduka kapena dontho la mafuta pa jekete zinali mlandu. Wophunzira ali yense anayenera kukhala ndi mswaci wace ndi kuugwiritsa nchito, wokana anali kumcotsa. Ndipo obwera kumene anawaphunzitsa kugona pakati pa nsaru ziwiri, pakuti ambiri sanazione ndi kale lomwe. Koma ife cimene catikondweretsa koposa ndi mphindi 5 zija za nyuzipepala. Nzocepa ndithu, koma mwana wa m'munda wa thonje anali kumva tsiku ndi tsiku zocitika m'dziko lace ndi m'maiko ena, asanatsegule buku la masamu.

Mabelu awiriwo, la nchito ndi la kalasi, anali kulira m'tsiku limodzi cifukwa mlungu unagawidwa. Wophunzira wa usana sanakhala m'kalasi masiku onse: anali ndi masiku ace a buku ndi masiku ace a nchito, ndipo magulu anasinthana, kotero kuti kalasi silinakhala lopanda anthu, ndi ng'ombe sizinakhala zosakamidwa. Mwa njira imeneyi mwana anacepetsa mtengo wa cakudya, cogona ndi nkhuni, umene unali madola 8 pa mwezi. Ndarama za maphunziro eni ace, madola 50 pa caka, Bambo Washington anali kuzipempha kwa anthu okoma mtima a Kumpoto. Kwa osauka ndithu anayambitsa mu 1884 sukulu ya usiku, monga ya ku Hampton ija, maora 10 a nchito ndi awiri a buku. Inayamba ndi anthu ngati 12. Pofika 1900 inali ndi oposa 450 mwa ophunzira ngati 1,400. Iye anaiyesa cipeto copetera anthu, pakuti wopirira caka cotero anaonetsa yekha kuti alikufunadi maphunziro.

Anafunanso kuti masiku awiriwo, la buku ndi la nchito, alowane monga matabwa olumikizidwa ndi mmisiri. Analamula aphunzitsi kuti masamu acoke ku nchito imene mwana anagwira dzulo lace: njerwa zingati zikwanira khoma lakuti, munda wakuti uli ndi maekala angati, ndi kuti cimangirizo ca Cingerezi cinene za kumanga ngolo kapena kuweta nkhumba. Aphunzitsi ena ocokera ku masukulu akuru a Kumpoto anabvutika naco, nadandaula kuti nchito irikudya maora a mabuku.

Loweruka lija la kungoimirira kutauni sanaliiwala. Mkazi wace wacitatu, Margaret Murray, pakuti awiri oyamba anamwalira msanga, Fannie Smith mu 1884 ndi Olivia Davidson mu 1889, anali kusonkhanitsa amai a m'midzi tsiku limenelo m'tauni momwemo, nawaphunzitsa kusamala ana ndi nyumba. Pa Sabata panali mapemphero ndi Sande sukulu, ndipo madzulo ace, akakhala pakhomo, Bambo Washington anali kulankhula ndi sukulu yonse m'chalichi, monga atate ndi ana ace, za kusunga pangano, kulipira ngongole, kulemba kalata kwa amako, ndi kugwira bwino nchito pamene palibe wokuona. Zina za nkhani zimenezi zinasindikizidwa mu 1902. Inu akatekisti dziwani kuti panalinso Phelps Hall, nyumba yophunzitsira alaliki Baibulo, ndipo iwonso sanapulumuka ku nchito ya manja. Pa Krisimasi ophunzira anaphunzira kuthandiza osowa. Caka cina anamangira nyumba nkhalamba yaikazi ya zaka ngati 75.

Caka naconso cinali ndi masiku ace. Kuyambira February 1892 alimi akuda anali kusonkhana pa sukulu tsiku limodzi pa caka kukambirana za ngongole, za kugula malo, ndi za kutalikitsa miyezi ya sukulu za m'midzi. Mu 1896 anaitana George Washington Carver kudzaphunzitsa ulimi, ndipo mu 1906 anayamba kutumiza ngolo yonyamula zipangizo ku midzi, kuti amene sakhoza kudza ku sukulu, sukulu inke kwa iwo. Mwini wace anali paulendo miyezi yambiri kupempha ndarama, koma kuli konse anali, kalata inamtsata tsiku ndi tsiku yonena mkaka umene unakamidwa ndi ndiwo zimene ana anadya. Akabwera anali kuyendera pa kavalo m'mawa, nalemba m'kabuku zolakwa zonse, ndipo aphunzitsi ace anali kumuopa.

MKANGANO

Pa 18 September 1895 analankhula pa cionetsero cacikuru ku Atlanta pamaso pa azungu ndi akuda. Analangiza anthu ace kuti ayambe ndi ulimi, umisiri ndi malonda kumene ali, osathamangira mipando ya boma. Ndipo anafanizira mitundu iwiriyo ndi zala za dzanja limodzi, zolekana pa kukhala, koma zogwirizana pa nchito. Azungu anakondwa kwambiri, ndipo kuyambira tsikulo anamuyesa mneneri wa anthu akuda onse. Harvard inampatsa digiri ya ulemu mu 1896. Prezidenti McKinley anayendera Tuskegee mu 1898. Mu 1899 anamwa tiyi kwa Mfumukazi Victoria. Mu 1901 anadya ndi Prezidenti Roosevelt, cinthu cimene cinakwiyitsa azungu a Kumwera. Mu 1903 Andrew Carnegie anapatsa sukulu madola 600,000.

Koma zaka zomwezo ndizo zinali zowawa kwa anthu akuda. Mu 1896 bwalo lalikuru la mirandu linabvomereza kulekanitsa mitundu m'sitima. Mu 1901 Alabama inakonza malamulo olanda akuda ambiri voti. Ndipo kupha anthu popanda mlandu kunapitirira. Pamenepo mu 1903 anauka Dr. W. E. B. Du Bois, munthu wophunzira kwambiri, natsutsa Bambo Washington poyera m'buku lace. Cotsutsa cace cinali cakuti mtundu sukhoza kusunga munda wace ndi sitoro yace wopanda voti ndi cilungamo ca pa bwalo. Ndi kuti ngakhale Tuskegee yomwe sikadaima popanda aphunzitsi ophunzira m'makoleji, a mabuku omwewo amene alikupeputsidwa. Iye ndi anzace anayambitsa Niagara Movement mu 1905, ndipo mu 1909 anali mwa oyambitsa bungwe la N.A.A.C.P.

Ife tiyesa kuti apa Du Bois ananena zoona. Maora amene mupatsa khasu muwacotsa kwina, ndipo mnyamata wa maora awiri a usiku sakhoza kufika kumene afika wa maora asanu. Ndiponso olemera ena amene anapereka ndarama anakonda taimutebulo ija cifukwa anaiona ngati yolera anchito omvera. Komabe tisaiwale kumene Bambo Washington anakhala, pakati pa anthu okhoza kutentha sukulu yace usiku umodzi. Ndipo ambiri oturuka m'manja mwace sanakhala anchito a azungu, koma aphunzitsi a m'midzi, omanga okha nyumba za sukulu zao. Ndipo akalata ace atafufuzidwa iye atamwalira, anapeza kuti mobisa anali kulipira maloya pa mirandu yotsutsa kulanda voti ndi yotsutsa kumanga anthu pa nchito cifukwa ca ngongole. Akalata omwewo anaonetsanso kuti anali ndi azondi pakati pa otsutsana naye, ndi kuti anatsekereza ena a iwo nchito.

Mbiri ya Tuskegee inafika ku Africa iye akali moyo. Mu 1901 anthu ace anafika ku Togo kudzaphunzitsa ulimi wa thonje, ndipo John Dube, atayendera Tuskegee, anamanga sukulu ya Ohlange ku Natal pa citsanzo comweco. Mbusa John Chilembwe anali ku America kuyambira 1897 kufikira 1900, naphunzira ku Lynchburg m'dziko la Virginia lomwelo, pamene dzina la Washington linali pakamwa pa anthu onse. Ndipo mishoni yace ya Providence Industrial ku Chiradzulu inaphatikiza buku ndi nchito ya manja, ngakhale njira imeneyo anaiona kale kwa Joseph Booth. Mu 1924 kunabwera ku Nyasaland nthumwi za Phelps-Stokes, pamodzi ndi Dr. Aggrey, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones amene anaphunzitsapo ku Hampton. Analangiza kuti masukulu a Africa acurukitse ulimi, ukhondo ndi umisiri. Sukulu ya Jeanes ku Domasi, yotsegulidwa mu 1929 kuphunzitsa oyendera masukulu a m'midzi pamodzi ndi akazi ao, inatenga dzina la Anna Jeanes, mai wa ku Philadelphia amene mu 1907 anapereka madola 1,000,000 kuthandiza masukulu a anthu akuda a m'midzi, ndipo Bambo Washington anali mmodzi wa osunga cuma cimeneco. Kunonso mkangano unali womwewo, pakuti Aafrika ambiri ophunzira anakayika kuti maboma a atsamunda alikutenga khasu la Tuskegee kuti awamane masukulu apamwamba.

MATSIRIZIRO ACE

Nchito yace yotsiriza yaikuru anaiyamba mu 1912 pamodzi ndi Julius Rosenwald, wamalonda wa ku Chicago: kumanga nyumba za sukulu m'midzi, wolemerayo apereke gawo, eni mudzi apereke gawo lao la ndarama, malo kapena nchito. Anayamba ndi zisanu ndi imodzi pafupi ndi Tuskegee. Pofika 1932 zinali pafupi 5,000.

Koma iye mwini sanadziwa kupuma. Mu November 1915 anadwala kwambiri ali ku New York, ndipo madotolo atamuuza kuti masiku ace atsala ocepa, anaumirira kuti amtengere kwao. Anafika pa sitima usiku, namwalira m'banda kuca wa Lamulungu, pa 14 November, 5 koloko isanakwane, ali ndi zaka 59. Madotolo amene anayang'ananso mapepala a nthenda yace mu 2006 anapeza kuti cinamupha ndi kuthamanga kwa mwazi. Anasiya ophunzira ngati 1,500, nyumba zoposa 100, ndi cuma cosungidwa ca madola ngati 2,000,000. Robert Moton wa ku Hampton analowa m'malo mwace, ndipo mu 1985 sukuluyo inachedwa Tuskegee University. Pa maliro ace panasonkhana anthu ngati 8,000, ndipo anamuika pafupi ndi chalichi, m'manda a njerwa omangidwa ndi ophunzira ace.